Batire limodzi la mudzi wonse, kapena aliyense lake kunyumba?

Mlembi wa komiti, Ntchisi

Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawa pawiri m'komiti yathu ya chitukuko, ndipo poti safunsa anadya phula, ndati ndifunse kwa inu amene munayendapo kale njira imeneyi. Pa malo athu a malonda pali nyumba pafupifupi 60, magolosale anayi, sukulu ya pulaimale ndi chigayo chimodzi cha dizilo. Ana athu amene ali m'tauni ndi kunja asonkha ndalama zogulira mapanelo a sola okwana makilowati 15, oti tiike pa denga la sukulu n'kukoka mawaya kupita m'nyumba. Za mapanelo palibe akutsutsa. Mkangano uli pa kasungidwe ka magetsiwo kuti tizigwiritsa ntchito usiku. Ena akuti tigule batire limodzi lalikulu, tilimangire kanyumba kake, aliyense azilipira malinga ndi zimene wagwiritsa ntchito. Ena akuti nyumba iliyonse ikhale ndi batire lake, izilitchaja masana kuchokera ku mawayawo, chifukwa chinthu cha gulu chimafa msanga poti aliyense amayembekezera mnzake kuti achisamale. Takhala misonkhano itatu osagwirizana.

Wamagetsi wa ku Area 25

Zikomo a mlembi. Ndakhala ndikuika sola m'masukulu ndi m'zipatala zing'onozing'ono kwa zaka zingapo, choncho ndiyankhe motalikirapo, mundikhululukire.

Vuto lanu lenileni ndi la nthawi. Mapanelo amapereka mphamvu yambiri kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, pamene anthu ali kumunda, kumsika kapena kusukulu, ndipo ikamafika 6 koloko madzulo, aliyense akufuna kuyatsa babu ndi wailesi, dzuwa lalowa. Mapanelo a makilowati 15, tsiku lopanda mitambo, angakupatseni mayuniti pakati pa 60 ndi 70 mukachotsa otayika m'mawaya ndi mu inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo ndi a batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba. Tsopano tiyerekeze kuti nyumba iliyonse ili ndi mababu atatu a LED, wailesi ndi mafoni awiri, ndipo nyumba zina zili ndi kanema. Sindikuyembekeza kuti nyumba yotero ingapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti pa usiku umodzi. Nyumba 60 ndiye mayuniti pafupifupi 20, ndipo tikaonjezera mafiriji a m'magolosale ndi magetsi a panja pa sukulu tifika mwina pa 30. Mwaona kuti theka la magetsi anu lidzangotayika ngati simupeza chochita nawo masana. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaibwerera.

Pa funso lanu, ine ndili mbali ya batire limodzi, ndipo chifukwa chake choyamba ndi chakuti nyumba sizigwiritsa ntchito magetsi mofanana tsiku lililonse. Lero a uje apita ku maliro ku Dowa, batire lawo langokhala lodzaza, pamene oyandikana nawo ali ndi alendo ndipo lawo latha isanakwane 8 koloko. Batire likakhala limodzi, mphamvu imene sinagwiritsidwe ntchito pa nyumba ina imathandiza nyumba ina, motero mumagula batire locheperapo kusiyana ndi kuphatikiza mabatire 60 a m'nyumba. Chachiwiri, anthu akauzidwa kuti agule okha, ambiri adzagula mabatire a galimoto chifukwa ndiwo otsika mtengo, koma batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kuti lizitheratu usiku uliwonse. Likamatheratu choncho silikhalitsa.

Mayi wa golosale, Nsanje

Bambo wamagetsi anena zoona pa mabatire a m'nyumba, ndipo ine ndine mboni. Ndinagula mabatire awiri akuluakulu a mtovu m'sitolo ina ku Limbe, wogulitsayo atandilonjeza kuti atha zaka zisanu, cholinga changa chili choti firiji izigwira usiku ndizigulitsa mafirizesi ndi nsomba zaziwisi. Ndinawaika pakona m'golosale momwemo, pansi pa malata opanda siling'i. Itafika Okutobala, masana ukawakhudza amachita kutentha ngati mbale ya nsima, ndipo tsiku lina ndinamva fungo longa la dzira lowola, nditayang'ana ndinapeza limodzi litafufuma m'mbali. Miyezi isanu ndi itatu yokha ndi imene anagwira ntchito. Ndinataya nsomba za ndalama zambiri usiku umene firiji inazima ndili mtulo. Ndiye funso langa ndi lakuti, kodi batire lalikulu la mudzi silingafe imfa yomweyo, n'kuliza anthu 60 nthawi imodzi m'malo mwa mmodzi?

Wamagetsi wa ku Area 25

Pepani kwambiri mayi, ndipo funso lanu ndi loyenera. Chinapha mabatire anu ndi zinthu ziwiri. Batire la mtovu silifuna kutsitsidwa kupitirira theka la mphamvu yake, koma firiji yogwira usiku wonse iyenera kuti inkalikama mpaka pansi. Komanso kutentha kumalidya: mabatire amenewa amayesedwa pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka. Pansi pa malata ku Nsanje mwezi wa Okutobala mukudziwa nokha mmene kumakhalira.

Pa mudzi wonse ndimalangiza mabatire a lithium a mtundu wa LFP. Amalola kutsitsidwa mpaka magawo 80 kapena 90 pa 100 aliwonse, amabweza pafupifupi zonse zimene mwasungamo, safuna kuthiridwa madzi, ndipo ali ndi kakompyuta m'kati kamene kamawazimitsa okha akatentha kwambiri kapena akatsika mopitirira. Pa mayuniti 30 a usiku aja, a mlembi angafune LFP yosunga mayuniti pafupifupi 35, pamene a mtovu akanafuna osunga 60. Pogula ndi okwera mtengo, koma akasamalidwa amatha kufika zaka khumi. Nawonso sakonda kutentha, choncho kanyumba kake kakhale ka njerwa, kokhala ndi siling'i ndi mawindo a mpweya mbali ziwiri, kotchingidwa ndi sefa kuti makoswe ndi mavu asamangemo. Ubwino wa batire limodzi ndi wakuti mukhoza kulimangira malo oyenera amodzi, chimene simungachite m'nyumba 60.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Ndawerenga zonse mosamala. Kuno kwathu ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022, ndipo ali ndi mabatire a lithium otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Amene anamanga ndi kampani ya JCM Power, yomwenso inamanga malo a mamegawati 60 ku Salima. Ndatchula zimenezi kuti tione kuti ngakhale akuluakulu a ndalama sanagule mabatire osunga magetsi a tsiku lonse. Anagula ongokwanira kusalaza mphamvu mtambo ukadutsa ndi kuthandiza nthawi ya madzulo pamene dziko lonse likufuna magetsi. Chaka chomwecho, mu Januwale, namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tinaphunzira kuipa kodalira mtsinje umodzi wa Shire. Choncho ganizo losunga magetsi pafupi ndi pamene akugwiritsidwa ntchito sindikulitsutsa.

Nkhawa yanga ili pena. M'zaka zimene ndinaphunzitsa m'midzi ndinaona mijigo yambiri itafa chifukwa chosowa kachitsulo kotsika mtengo, komiti ili pomwepo, buku la zopereka lili pomwepo, koma ndalama mulibe. Ndinaonanso mapanelo abwinobwino ali pa madenga a nyumba za aphunzitsi, mabatire ake atafa kalekale, ana akukhalira ngati mipando. Mapanelo amatha zaka zoposa 20, kutanthauza kuti batire mudzagula kawiri kapena katatu mapanelo omwewo akadali amoyo. Ana anu a m'tauni asonkha ulendo uno. Kodi adzasonkhanso pakatha zaka khumi? A mlembi, musanakambirane za mtundu wa batire, kambiranani za amene adzagule lachiwiri.

Namwino wa ku Inverness

Aphunzitsi akhudza pamene pali bala. Ndiloleni ndifotokoze zimene ndinaona kuno ku Scotland, pa chilumba chaching'ono chotchedwa Eigg, chimene chili ndi anthu pafupifupi 100. Anthu a pa chilumbachi anachigula okha m'chaka cha 1997, ndipo mu 2008 anayatsa magetsi awoawo ochokera ku madzi, mphepo ndi dzuwa, okhala ndi mabatire a onse pamodzi komanso majenereta a dizilo odikirira. Kampani yoyendetsa magetsiwo ndi ya anthu a pachilumba pomwepo, ndipo okonza zinthu zikaonongeka ndi anthu okhala pomwepo amene anaphunzitsidwa.

Chimene chinandigwira mtima si makina ake ayi, koma lamulo limene anagwirizana. Nyumba iliyonse siloledwa kukoka mphamvu yoposa makilowati 5 nthawi imodzi, ndipo malo a bizinesi malire ake ndi makilowati 10. Ukapitirira, magetsi a m'nyumba mwako okha ndi amene amazima, a anzako ali chiyakire. Alinso ndi nyali yochenjeza, yobiriwira mphamvu ikakhala yambiri ndi yofiira ikachepa, kuti anthu adziletse okha. Kwathu malirewo angakhale ang'ono kwambiri, mwina mawati 300 pa nyumba, koma nzeru yake ndi yomweyo. Popanda malire, munthu mmodzi wogula ayironi kapena kambaula ka magetsi kotsika mtengo adzamaliza batire la mudzi wonse isanakwane 9 koloko, ndipo chidani chidzayambira pamenepo.

Mwini chigayo, Ntchisi

Ine ndine mwini chigayo chimene a mlembi atchula, ndipo ndili m'gulu la amene akukayikira. Dizilo akundipweteka, ndipo akasowa ndimatseka chigayo masiku angapo, amayi n'kumayenda ndi matumba pamutu kupita kutali. Ngati magetsi amenewa angayendetse chigayo, ine ndingakhale woyamba kulipira. Koma makasitomala anga ambiri amabwera m'mamawa kwambiri kapena madzulo akaweruka kumunda. Kodi batire lalikululo lingayendetse chigayo nthawi imeneyo?

Wamagetsi wa ku Area 25

Achimwene, yankho lachidule ndi lakuti ayi, ndipo musalole munthu aliyense akuuzeni kuti zingatheke pa mtengo umene mudzi ungakwanitse. Mota ya chigayo chachikulu imafuna makilowati 15 kapena kuposerapo, ndiye kuti maola awiri okha ingamalize mayuniti onse 30 a mudzi. Kuonjezera apo, mota ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu yochuluka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa imene imakoka ikakhazikika, ndipo inveta ikhoza kuzima nthawi yomweyo pokhapokha mutaika chipangizo choyambitsa motayo pang'onopang'ono.

Koma apa ndi pamene ndibwerere ku mfundo ndinati muisunge ija. Muli ndi mayuniti oposa 30 otsala masana alionse. Chigayo chaching'ono cha makilowati 5 kapena 7, chogwira ntchito kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko, chingadye magetsi amenewo molunjika kuchokera ku mapanelo, osadutsa m'batire n'komwe. Yuniti imene yagwiritsidwa ntchito dzuwa lili pamutu ndi yotsika mtengo kwambiri kuposa imene yasungidwa, chifukwa sikalambitsa batire. Ndiponso tisaganize kuti kusunga mphamvu ndi batire lokha. Pampu ikakweza madzi mu thanki masana, madziwo amatsika okha madzulo, ndiye kuti mwasunga mphamvu ya dzuwa m'madzi. Mayi a ku Nsanje akadzaza mabotolo a madzi pansi pa firiji yawo n'kuwaumitsa masana, akhoza kuizimitsa usiku nsomba osaonongeka, bola asamatsegule pafupipafupi. Ufa wogayidwa masana nawonso ndi dzuwa losungidwa m'thumba. Zonsezi zimachepetsa kukula kwa batire limene muyenera kugula.

Mwini chigayo, Ntchisi

Ndamva, koma kusintha nthawi imene amayi anazolowera kubwera si nkhani yapafupi, makamaka nyengo yolima. Ndiponso chigayo chaching'ono chimachedwa, mzere ungatalike.

Mlimi wa ku Mulanje

Ndionjezere chenjezo limodzi pa mawerengedwe a bambo wamagetsi. Iwo awerengera tsiku lopanda mitambo. Kuno chiperoni chikagwa mu Juni kapena Julayi timatha masiku atatu kapena anayi osaona dzuwa, ndipo mapanelo amapereka kagawo kochepa chabe. Ku Ntchisi nakonso kumapiri kumachita nkhungu, osanena za Januwale ndi Febuluwale mvula ikamagwa mosalekeza. Anzathu a ku Bondo kuno ku Mulanje ali ndi mwayi chifukwa magetsi awo, a kampani ya MEGA, amachokera ku madzi a mtsinje wa Lichenya, umene umayenda usana ndi usiku, koma inu mulibe mtsinje wotero. Kugula batire losunga magetsi a masiku anayi kungakhale kutaya ndalama, chifukwa miyezi yambiri lidzangokhala. Kuli bwino kukhala ndi jenereta yaing'ono yotchajira batire masiku oipawo, ndi kugwirizana pasadakhale kuti mphamvu ikachepa zoyamba kuzimitsidwa ndi ziti. Achimwene a chigayo, injini yanu ya dizilo musaigulitse.

Msungichuma wa banki mkhonde, Kasungu

Ndiyankhe funso la aphunzitsi, poti nkhani ya ndalama za gulu ndiyo ntchito yanga. Batire lachiwiri liyenera kugulidwa ndi anthu amene akugwiritsa ntchito loyamba, ndipo ndalama yake iyambe kusonkhanitsidwa mwezi woyamba womwewo. Njira yake ndi yosavuta kuilemba: tengani mtengo wa batire, muugawe ndi miyezi imene mukuyembekeza kuti likhala, ndipo ndalama imeneyo ilowe m'mtengo wa yuniti pamodzi ndi malipiro a wosamalira ndi mlonda. Ndikulangiza kuti muwerengere zaka zisanu ndi zitatu osati khumi, kuti mukadzadabwa mudzadabwe mokondwa.

Chovuta ndi kwacha. Batire limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 aliwonse tsiku limodzi, itatsitsidwa kale ndi magawo 25 mu Meyi 2022. Gulu limene linasunga ndalama m'bokosi linadzuka m'mawa lili ndi pafupifupi theka la batire. Choncho mtengo wa yuniti uzionedwanso chaka chilichonse pa msonkhano wa onse, ndipo ndalamazo zisagone m'bokosi. Ziikidwe ku banki m'buku lofuna anthu atatu osayina, limene silibwereketsedwa kwa munthu aliyense ngakhale pa maliro. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa, koma ndaona thumba la gulu likutha chifukwa cha chifundo. Muikenso mamita olipiriratu, chifukwa kutolera ngongole kwa apongozi ako ndi ntchito imene palibe angaikwanitse. Pomaliza, poti mudzakhala mukugulitsa magetsi, pitani ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, mukafunse za chilolezo ndi za mitengo musanakoke waya ndi umodzi womwe.

Mkulu wa mpingo, Ntchisi

Ine ndi mmodzi mwa amene akhala akulimbikira zoti aliyense akhale ndi batire lake, ndipo ngakhale ndamva mfundo zabwino pano, pali chimodzi chimene simunachiyankhe. Anthu a kwathu amapeza ndalama kamodzi pa chaka, akagulitsa soya, mtedza kapena fodya. Munthu akagula kasola kake mu Juni, kamamuunikira mpaka Febuluwale osalipiranso kalikonse. Koma ndi mita yolipiriratu, miyezi ya njala adzakhala mumdima batire lodzaza lili pafupi ndi nyumba yake, mapanelo amene mwana wake anasonkhera ali pa denga la sukulu. Kodi pamenepo tidzati magetsiwo ndi a mudzi, kapena ndi a eni magolosale?

Msungichuma wa banki mkhonde, Kasungu

Abambo, funso lanu ndi lolemera ndipo silingathe ndi yankho limodzi. Chimene ndingapereke ndi chakuti munthu aloledwe kugula mayuniti a miyezi ingapo nthawi yokolola, mita n'kumamutulutsira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Komiti ingathenso kugwirizana kuti kagawo koyamba ka tsiku lililonse, kokwanira mababu awiri ndi foni imodzi, kakhale kotsika mtengo kwambiri, ndipo ogwiritsa ntchito zambiri usiku, monga mafiriji ndi nyumba zoonetsera mpira, azilipira mokwera chifukwa ndiwo akukalambitsa batire. Magetsi a masana akhale otsika mtengo kwa onse kuti chigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa azikopeka kugwira ntchito dzuwa lili pamutu. Koma aulere ayi, chifukwa walira mvula walira matope.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Ndikugwirizana ndi mayi msungichuma, ndipo ndionjezere kuti a mlembi akhoza kupita ku Mchinji kukaona magetsi a dzuwa a ku Sitolo, amene ndi a makilowati 80 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Community Energy Malawi. Akafunse eni nyumba ndi eni mabizinesi, osati oyang'anira okha. Kuonjezera apo, mabatire a mtovu akufa amene ali kale m'nyumba za anthu asatayidwe kudzala kapena kuswedwa ndi ana, chifukwa mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa mwana, ndipo asidi wake amawotcha. Asonkhanitsidwe pamalo amodzi otsekedwa mpaka atapezeka ogula zitsulo zakale.

Mlembi wa komiti, Ntchisi

Ndabweranso patatha sabata ziwiri kuti ndikuuzeni pamene tafika. Ndinawerenga zonse zimene munalemba pa msonkhano umene a gulupu anaitanitsa pansi pa mkuyu wa kusukulu. Anthu ambiri avomera batire limodzi la LFP, malire pa nyumba iliyonse, mamita olipiriratu ndi buku la ku banki la anthu atatu osayina, ndipo amayi analimbikira kuti awiri mwa atatuwo akhale amayi. Abambo a mpingo avomera pokhapokha kagawo kotsika mtengo kaja katalembedwa m'malamulo a komiti, ndipo talemba. Anyamata awiri amene anamaliza Fomu 4 asankhidwa kuti akaphunzire kusamalira makinawo. Achimwene a chigayo ati ayamba ayesa kwa mwezi umodzi kugaya masana motsitsa mtengo ndi injini yawo yomweyo, kuti aone ngati amayi angasinthe nthawi, asanagule mota.

Chatsala ndi malo a kanyumba ka batire. A komiti ya sukulu akufuna kakhale kuseri kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu kumene kuli mthunzi wa mibawa, pamene eni magolosale akuti kakhale pafupi ndi msika kumene kuli mlonda kale. Pakati pa malo awiriwa pali mamita pafupifupi 400. Bambo wamagetsi, kodi mtunda umenewu uli ndi kanthu pa kukula kwa waya ndi magetsi otayika m'njira? Tikumananso Loweruka likudzali, ndipo ndingakonde kupita ndi yankho lanu.